Bwanji magemu ena atsopano amangoima?

Funso: Ndili ndi kanyumba koseweretsa PlayStation ku Migowi, m'boma la Phalombe. Achinyamata amadandaula kuti magemu ena atsopano, makamaka omwe wosewera amakhala munthu wa m'nkhani, amangoima kapena kuzima. Kodi vuto ndi makina anga?

Yankho: Bambo, nthawi zambiri vuto limachokera kwa opanga. Magemu oterewa amakhala ndi nkhani zambiri zolukanalukana, ndipo njira iliyonse imene wosewera angasankhe imafunika kuyesedwa. Kampani ikalengeza tsiku lotulutsa gemu ntchito isanathe, antchito amagwira usana ndi usiku. Munthu wotopa amalakwitsa, ndipo nthawi yoyesa imachepa.

Mwachitsanzo, gemu ya Cyberpunk 2077, ya kampani ya CD Projekt Red ya ku Poland, idatuluka mu Disembala 2020 antchito atalamulidwa kugwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Pa PlayStation 4 inkavuta kwambiri, mpaka Sony idaichotsa pa sitolo yake ya pa intaneti kufikira Juni 2021 n'kubwezera ogula ndalama. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Musagule gemu ikangotuluka. Dikirani miyezi ingapo kuti opanga aikonze, ndipo funsani kukula kwa zokonzazo, chifukwa kuzitsitsa kumadya bandulo yambiri.