Galimoto Yozima Ikafuna

Mphwanga, poti wasankha umakaniko, dziwa kuti galimoto yokaniratu kulira siyovuta kwenikweni. Vuto lake limakhalapo nthawi yonse, ukalifuna umalipeza. Imene idzakuyese ndi ija yoti mwiniwake akuti dzulo inamuzimira kawiri pamsewu wa M1, koma pagalaja yafika ikulira bwinobwino.

Usathamangire sipanala. Yamba wakhala pansi ndi mwiniwakeyo, pakuti iye ndiye anaona matendawo, iwe sunawaone. Mufunse mwaulemu: "Bwana, imazima itatentha kapena m'mawa ikadali yozizira? Muli paliwiro kapena mukuima pa maloboti? Ikazima imalira pomwepo, kapena mumayamba mwadikira? Mafuta munathira kuti komaliza?" Funso lomalizali ambiri amaliyankha mozemba, ndiye ulifunse mosaweruza.

Kazimidwe kake kamanena zambiri. Injini yosowa mafuta siifa mwadzidzidzi: imayamba kufooka, kutsomola, ukaponda moto siyankha, kenako n'kuzima, makamaka pokwera chitunda. Yodukidwa magetsi imangoti zii, ngati wina watembenuza kiyi. Ukasiyanitsa ziwirizi, theka la ntchito watha.

Kuno kwathu uyambe kukayikira mafuta. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta mu 2011 ndi 2012, komanso kumene kwakhala kukubwerabwera kuyambira 2022, anthu azolowera kugula petulo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Amalowa m'thanki ndi fumbi, nthawi zina ndi madzi. Madzi amalemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira. Zinyalala nazo zimamatirira pa kasefa ka pampu galimoto ikamayenda, injini n'kuzima. Ikaima pang'ono zimagwa, galimoto n'kuliranso. Onjezapo chizolowezi choyenda ndi mafuta a pansi penipeni tsiku ndi tsiku. Pampu ya m'thanki imazizira ndi mafuta omwewo, ndiye ikamakhala pamtunda imatentha, n'kuyamba kudukiza isanafe. Usaiweruze ndi khutu lokha. Galimoto zambiri ukatembenuza kiyi pampu imalira kwa masekondi angapo, koma ma Toyota ambiri akalekale pampu imadikira injini iyambe kuzungulira. Ndaonapo mapampu abwinobwino akutayidwa chifukwa cha chete ameneyu. Ika geji, uwerenge mphamvu ya mafuta, uyerekeze ndi buku la galimotoyo. Zambiri za petulo zimakhala cha pa 3 bar.

Tsono pali kachipangizo kamene kasautsa anthu ambiri, crank sensor. Ndi kamene kamauza kompyuta ya galimoto kuti injini ikuzungulira ndipo yafika pati. Kakayamba kutha, kawaya ka m'kati mwake kamaduka kakatentha, kakazizira n'kulumikizananso. Kompyuta ikasiya kumva kwa iko, imaimitsa moto wa mapulagi ndi mafuta omwe. Ndiye galimoto yoyenda bwino m'mawa ku Blantyre imakazima masana a mu Okutobala ku Chikwawa, dalaivala n'kukhala pamthunzi kanthawi, kuyesanso n'kulira. Ikazima chonchi, yang'ana singano ya rev pamene ukuliza. Ikapanda kugwedezeka n'komwe, kayikira kachipangizoka kapena mawaya ake. Koilo nayo imachita zofanana ikatentha.

Yozima poima pokha, makamaka ukayatsa AC kapena kukhotetsa chiwongolero, kawirikawiri ndi mwaye ndi fumbi pa throttle body, kapena paipi ya mpweya yong'ambika. Tsuka, yang'ana mapaipi, upitirire.

Za kompyuta. Ma Probox, Sienta ndi Vitz amene amachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe ali ndi polumikizira pa mabowo 16 pansi pa chiwongolero. Lumikizapo makina owerengera kompyuta usanachotse batire, chifukwa pa galimoto zambiri kuchotsa batire kumafufuta zimene kompyuta inasunga. Makinawo akaonetsa nambala P0335, ikuloza ku crank sensor, P0340 ku cam sensor. Koma nambalayo ikunena dera limene muli vuto, siikunena kuti ukagule chipangizo. Mwina ndi waya wotafunidwa ndi khoswe, mwina pulagi yake yalowa oilo. Ndipo pampu yofooka kapena relay yodukiza nthawi zambiri sizisiya nambala iliyonse.

Zotchipa uziyambirira. Mitu ya batire yadzimbiri, waya wa earth womasuka, fyuzi yosagwira bwino, mawaya a alamu kapena wailesi amene wina analumikiza pongopota n'kukulunga tepi. Batire yabwino imaonetsa cha pa 12.6 volts injini ili chete, ndipo ikamalira pakati pa 13.5 ndi 14.5. Injini ikulira, gwedeza mawaya mmodzimmodzi, gogoda pang'ono bokosi la ma relay, gwedezanso kiyi pamalo pake. Ikazima dzanja lako lili pamenepo, wapeza.

Chimene sindifuna kudzamva n'chakuti watuma munthu ku Biwi kapena ku Ndirande kukagula mapulagi lero, pampu mawa, koilo mkuja, mongoyerekeza. Ukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, ngakhale galimoto ichire, sudziwa chimene chinali kudwala, ndipo chipangizo chabwino cha ku fakitale wachisinthanitsa ndi chosadziwika kumene chachokera. Sintha chimodzi, yesa, kenako china.

Ikakana kuonetsa vuto pagalaja, uza mwiniwake zoona: "Bwana, sindinalipeze, ndisiyireni mpaka mawa." Mangirira geji ndi makina, uyende nayo pamsewu wopanda magalimoto ambiri mpaka itenthe, ukukumbukira kuti injini ikazima chiwongolero chimalimba ndipo mabuleki amauma ukawaponda kangapo. Ikazima, usaidikire kuti izizire. Pomwepo yesa ngati moto ukufika pa mapulagi, uwerenge geji ya mafuta, ulembe zimene waona.