Chifukwa Chake Ana Amaiwala Maina

Mphunzitsi, kodi munaphunzitsapo ana maina ambiri Lamulungu lina, ndipo pofika Lamulungu lotsatira munapeza kuti onse aiwala? Musafulumire kunena kuti anawo ndi ogona. Kawirikawiri cholakwa chili m'kaperekedwe kathu.

M'chaka cha 1956 George Miller wa ku America analemba kuti munthu amatha kugwira m'mutu zinthu zatsopano ngati 7 zokha pa nthawi imodzi. Mu 2001 Nelson Cowan anaonetsa kuti chiwerengerochi n'chochepanso, pafupifupi 4. Nkhuni zomwazika sizisenzeka, koma zomanga mtolo ngakhale mwana amafika nazo kunyumba.

Mutu wa munthu umamanga mitolo yotere pawokha. Mu 1953 Weston Bousfield anawerengera ophunzira mawu 60 osakanizasakaniza: maina a nyama, a anthu, a ntchito ndi a ndiwo zamasamba. Atawauza kuti alembe mawu amene akukumbukira, iwo ankawalemba m'magulumagulu, nyama pamodzi, ndiwo pamodzi, ngakhale palibe amene anawauza kutero.

Tsono pophunzitsa mabuku 27 a Chipangano Chatsopano musawatchule mondondozana kuyambira Mateyu mpaka mapeto. Mangani mitolo: Mauthenga Abwino 4, Machitidwe a Atumwi, Makalata 21, ndi Chibvumbulutso. Mtolo wa Makalata ndi wolemera, uphwanyeni: 13 okhala ndi dzina la Paulo, ndi 8 otsalawo. Lero perekani Mauthenga okha. Lamulungu likudzali yambani ndi kufunsa ana, iwo atchule okha inu musanawakumbutse.