Mmisiri Wathu Samson Kambalu

Anzanga, mukamagula nthochi pa msika wa ku Old Town, tayang'anani ndalama ya K500 musanaipereke. Nkhope imene iri pamenepo ndi ya John Chilembwe. Kodi mudziwa kuti fano la munthu ameneyu linaima zaka ziwiri pakati pa mzinda wa London? Amene analiumba ndiye Mmalawi mnzathu, Bambo Samson Kambalu.

Bambo Kambalu anabadwa m'caka ca 1975. Anaphunzira ku Kamuzu Academy, sukulu yogonera konko monga yathu ino, ndipo atacoka kumeneko anaphunzira zojambula ku Chancellor College ku Zomba. Pambuyo pace anaoloka nyanja kunka ku Mangalande, nafika pokhala mphunzitsi pa Yunivesite ya Oxford.

Koma za kwao sanazitaye ai. Makanema ao amawacha Nyau Cinema. Kanema aliyense sapitirira mphindi imodzi, ndipo wosewera ndi iwo eni, akucita zodabwitsa m'miseu monga cicitira cirombo cikaturuka kudambwe. M'caka ca 2015 nchito zao zinaonetsedwa pa cionetsero cacikuru ca ku Venice.

Tsono za fano lija. Anatenga cithunzi ca m'caka ca 1914, m'mene Chilembwe waima ndi mnzace, mmishoni wacizungu John Chorley, pa chalichi cace ca ku Mbombwe. Masiku amenewo munthu wakuda anali kubvula cipewa akaona Mzungu, koma Chilembwe sanabvule. Poumba mafano ao amkuwa, Bambo Kambalu anamkuza Chilembwe kuti atalike kopambana Chorley, cipewa ciri kumutu. Nchitoyo anaicha Antelope, pokumbukira Kasiyamaliro wa Gule Wamkuru, ndipo inaima pa Trafalgar Square kuyambira 2022 kufikira 2024.

Ife tiphunzirapo ciani? Ambiri a ife tiyesa kujambula ndi masewera a ana, ndipo ena acita manyazi kuchula mudzi wao akakhala pakati pa ana a ku Area 10. Koma cimene anthu a ku London anaima naco cidwi sicinali cacilendo kwa ife. Inali mbiri ya ku Chiradzulu ndi gule wa m'midzi yozungulira Lilongwe yomwe ino. Zoonadi mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma kulikonse ankako akhala ng'ona ndithu. Tikapita ku holide, tiyeni tikafunse agogo athu za makedzana, ndipo tizilembe ndi kuzijambula.