Malangizo kwa Osunga Chuma cha Ena Asanachipereke ku Thumba la Private Equity

Munthu wogula masheya a kampani yolembedwa pa Malawi Stock Exchange kapena pa msika wa ku London sasowa womuuza mtengo wa chuma chake, pakuti mtengowo umalengezedwa poyera tsiku lililonse la malonda. Koma iye amene apereka ndalama ku thumba la private equity, lomwe limagula makampani osalembedwa pa msika, zipatala, nyumba ndi minda, alibe kwina komvera mtengo koma kwa woyendetsa thumba yemweyo, amene mbiri yake ndi mwayi wake wosonkhanitsa ndalama zina zimadalira mtengowo. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo matrasti a penshoni, akuluakulu a inshuwalansi ndi onse osunga chuma cha okalamba ndi amasiye achita bwino kutsata njira izi asanasaine.

Choyamba, funsani kuti ndalamazo azigwira ndani, ndipo musalole kuti woyendetsa thumba akhalenso wosunga chuma ndi wolemba mabuku ake. Bernard Madoff wa ku New York anagwira maudindo onsewa yekha, ndipo kompyuta yakale ya IBM inkasindikiza makalata osonyeza masheya amene sanagulidwe konse, kufikira mu December 2008 pamene zinaululika kuti madola pafupifupi 65 biliyoni olembedwa m'makalatamo anali a pa pepala chabe.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pofunika kudekha, umboni wa ndalama zili ku banki uchokere ku banki komweko, ndipo muupemphe pa tsiku losayembekezereka, osati pa kutha kwa chaka pokha. Abraaj ya ku Dubai, imene Arif Naqvi anaikuza mpaka kuyang'anira madola pafupifupi 14 biliyoni, inasonkhanitsa thumba la madola 1 biliyoni lomangira ndi kugulira zipatala m'maiko monga Kenya, Nigeria ndi Pakistan; koma pamene ena mwa opereka ndalama, kuphatikizapo Bill & Melinda Gates Foundation ndi IFC ya World Bank, anaona kuti ndalama zaitanidwa koma zipatala sizikumangidwa, anaumirira kufunsa kumene chumacho chinali, nalemba ofufuza awoawo, ndipo Abraaj inagwa mu 2018. Bungwe loyang'anira zachuma la ku Dubai, DFSA, polipiritsa makampani awiri a Abraaj chindapusa cha madola pafupifupi 315 miliyoni mu 2019, linanena kuti iwo ankabwereka ndalama tsiku la malipoti likayandikira, kuti akaunti ioneke yodzaza, n'kuzibweza pambuyo pake. Wopempha sitetimenti ya miyezi yonse, osati ya tsiku limodzi, akanaona msanga kulowa ndi kutuluka kwa ndalamazo.

Chachitatu, dziwani odita ndi kukula kwa ofesi yake: mabuku a Madoff ankawaunika Friehling & Horowitz, kaofesi kakang'ono ka ku New City, kosayenera konse ntchito yotere.

Chachinayi, sungani kaundula wanuwanu, ngakhale mu Excel, wolembamo ndalama iliyonse yoitanidwa, iliyonse yobwezedwa, tsiku lake, malipiro odulidwa, mtengo umene woyendetsa wanena pa kampani iliyonse ndi njira imene waupezera. Ndipo pemphani kuti malipoti azibwera m'dongosolo la ILPA, bungwe la opereka ndalama ku mathumba otere, kuti thumba lina lizitha kuyerekezedwa ndi linzake. M'kaundulamo siyanitsani ndalama zimene zabwereradi m'manja mwanu ndi phindu longowerengeredwa, pakuti chiwerengero cha phindu la pachaka chotchedwa IRR chikhoza kukometsedwa ngati woyendetsa wayamba wagula ndi ngongole ya ku banki n'kuchedwetsa kuitana ndalama zanu. Phindu losatsika konse, chaka chabwino ndi choipa chomwe, likuchititseni mantha koposa kukondwa, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndi kusalala kotere kumene kunachititsa Harry Markopolos kuchenjeza SEC, bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, za Madoff mu 2000, koma sanamveredwe.

Chachisanu, yesani makina enieni olembera mabuku. FTX, kampani ya malonda a ndalama za crypto imene inalandira madola 95 miliyoni a thumba la penshoni la aphunzitsi a ku Ontario, inapezeka itagwa mu 2022 kuti inkalemba mabuku ake mu QuickBooks, pulogalamu ya mabizinesi ang'onoang'ono. Ndipo khomo lanu lomwe lisakhale pululu: mu 2020 Norfund ya ku Norway inabedwa madola 10 miliyoni pamene akuba analowerera makalata a imelo, nasintha nambala ya akaunti, ndalama za ku Cambodia n'kupita ku Mexico. Kalata yoitana ndalama ikafika, imbani foni pa nambala imene munali nayo kale, ndipo anthu awiri avomereze musanatumize.

Chomaliza, werengani mphamvu zanu zodikira, popeza thumba lotere limamanga ndalama zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo wofuna kutuluka msanga kawirikawiri amagulitsa gawo lake motchipa. Amene ndalama zake zili m'makwacha koma walonjeza madola akumbukire kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo lonjezo lake liyenera kukhala loti angalikwaniritse ngakhale zotere zitachitikanso, osachedwetsa penshoni ya munthu ngakhale mmodzi.