Musanapite kukaphunzira za mafuta apansi panthaka

Mukandifunsa ngati n'kwanzeru kusiya ntchito yanu ya uinjiniya n'kupita ku Aberdeen kapena ku Edinburgh kukachita digiri yachiwiri ya petroleum engineering, ine ndiyamba ndakufunsani kuti mgolo umodzi wa mafuta ukugulidwa ndalama zingati lero, nanga udzakhala pa zingati tsiku limene mudzavale gauni. Funso lachiwirilo palibe angaliyankhe, ngakhale pulofesa amene akakuphunzitseniyo. Komatu ntchito imene mukuifunayo yagona pamenepo.

Pakati pa chaka cha 2014 mgolo unkagulidwa madola opitirira 100, ndipo makampani ankachita kulimbirana ophunzira asanalembe n'komwe mayeso. Pofika Januwale 2016 unali utatsika osakwananso madola 30. Makampani omwe aja anachotsa anthu zikwizikwi, moti amene analowa m'kalasi mu Seputembala 2014 anatuluka n'kupeza akupikisana pa ntchito imodzi ndi akuluakulu amene akanakhala mabwana awo. Mu Epulo 2020, nthawi ya Covid-19, mtengo wa mafuta a ku America unagwa mpaka pansi pa ziro, wogulitsa n'kumalipira wogula kuti amuchotsere katundu poti kunalibe kosungira. Umu ndi momwe imayendera ntchito imeneyi, sikuti linali tsoka la chaka chimodzi ayi.

Ndiye poloti musagulitse, ngongole ya katapila musatenge, penshoni ya makolo musaikhudze. Alipire ndi wina. Kuli sikolashipu ya Chevening, imene imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, kuli Commonwealth, kulinso Beit Trust, imene imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Koma fufuzani kaye ngati akulipirirabe maphunziro a mafuta, chifukwa nkhani ya kusintha kwa nyengo yachititsa kuti mabungwe ambiri ayambe kuwazemba. Heriot-Watt ndi mayunivesite ena amaphunzitsanso pa intaneti, munthu ali pantchito yake. Zimachedwa, tulo timasowa, koma malipiro a mwezi amabwerabe, ndipo ine njira imeneyi sindiinyoza.

Tsopano za m'kalasimo. Ambiri amapita akuganiza kuti pansi pa nthaka pali nyanja ya mafuta yongofuna kuponyamo paipi. Kulibe zimenezo. Mafuta amakhala m'timabowo ting'onoting'ono ta m'thanthwe, monga momwe madzi amakhalira m'njerwa yootcha imene yagona mumtsuko usiku wonse. Mu labu akakupatsani kachidutswa ka thanthwe la mchenga kobulungira, kotalika ngati chala chachikulu, kodulidwa pa makilomita awiri kapena atatu pansi. Kukanunkhiza, fungo la mafuta lilipo, koma kukafinya, olo dontho. Mumakaveka labala, kukatsekera m'chitsulo, kupopera madzi amchere mbali imodzi, n'kukhala pansi kudikira kuti mbali inayo atuluke angati pa mphindi. Masamu amene mukawerengerewo anawapeza Henry Darcy mu 1856, ndipo iye sankafuna mafuta: ankasefa madzi akumwa a mzinda wa Dijon pa mchenga.

Chimene chimasokoneza mitu ya mainjiniya odziwa kale ntchito chili apa. Inu munazolowera kuti mlatho mumauona, injini mumaimasula, waya mumamuyeza ndi mita. Kuno chinthu chimene mukuchigwirira ntchito simudzachiona m'moyo wanu wonse. Kuchokera pa tizidutswa tija, ndi pa zoyeza za m'zitsime zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, akuti munene za thanthwe lotambalala makilomita ambirimbiri, ndipo kampani iikepo madola mabiliyoni pa mawu anu. N'chifukwa chake yankho silikhala nambala imodzi. Mumapereka zitatu, yotsika, yapakati ndi yokwera, n'kufotokoza chimene chingachititse kuti zonse zitatuzo ziphonye. Mukazindikiranso kuti m'migodi yambiri amatulutsa pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mafuta amene alimo, otsalawo amakanirira m'thanthwe momwemo. Amene akudana ndi jiyoloje, nanena kuti za miyala n'za ena, akagwira njakata, ngakhale atakhala katswiri wa masamu.

Ku Britain maphunzirowa ndi a chaka chimodzi, ndipo chakacho chimathamanga. Ngati munasiya kalekale ma differential equation, ayambeni kunyumba konkuno, pamodzi ndi Python. Mapulogalamu a pakompyuta monga Petrel ndi Eclipse mukawaphunzira, koma asakakunamizeni. Amajambula zithunzi zokongola zedi, zofiira apa, zobiriwira apo, ngakhale mutawadyetsa manambala abodza. Kagwireni pensulo kaye muone ngati yankho la kompyutalo likumveka.

Chimene mwana wongochoka kumene ku digiri yoyamba alibe, inu muli nacho: munaimapo pa saiti, munakanganapo ndi kontilakita, mukudziwa momwe bwana amayankhulira ntchito ikachedwa. Chisungeni chimenecho. Poboola chitsime, chimene chimaletsa gasi kuphulika ndi matope olemera amene amawapopera m'dzenjemo, kenako simenti imene imamata mapaipi ku thanthwe. Pa nsanja yoboolera mafuta panyanja ya Deepwater Horizon, mu Epulo 2010, simenti inalephera, zotsatira za kuyeza anaziwerenga molakwika, ndipo anthu 11 anafa. Pa nsanja ina ya mafuta ya Piper Alpha, mu Julayi 1988, pampu imene inali pakati pokonzedwa inayatsidwa chifukwa uthenga sunafike bwino posinthana shifiti, anthu 167 n'kutha. Malipoti a ngozi ziwirizi kawawerengeni mofatsa kuposa buku lililonse la mayeso. Tsiku lina adzakhale ndi udindo wonena kuti ntchito iime ndinu, pamene ola lililonse likudya ndalama zoopsa ndipo aliyense akukuyang'anani ndi diso lofiira.

Ena mwa inu mukuwerengera Nyanja ya Malawi. Lamulo la za kufufuza mafuta lilipo kuyambira 1983, ziphaso zinaperekedwa mu 2011, mkangano wa malire ndi Tanzania unabuka, asodzi ndi oteteza chilengedwe anadandaula, ndipo mpaka lero palibe mgolo ndi umodzi womwe umene unagulitsidwa. Ntchito ya mafuta imene ilipo kwathu ndi yoitanitsa, yosunga ndi yoyang'anira mitengo, ya ku NOCMA ndi ku MERA, ndipo imafuna luso lina, osati la kuboola zitsime. Pafupi pamene pali zenizeni ndi ku Mozambique, kumene gasi wa ku Rovuma anapezeka mu 2010 ndipo sitima ya Coral Sul inayamba kumutumiza kunja mu Novembala 2022. Kuli Uganda, kumene mafuta a ku Nyanja ya Albert anapezeka mu 2006, ndi Namibia kuyambira 2022. Onani zaka zimenezo bwinobwino: kuchokera pa kupeza kufika pa kugulitsa, mwana amabadwa mpaka kulowa sekondale. Dziwaninso kuti maiko onsewa amayamba aganizira nzika zawo, ndipo ku Pemba, ku Mozambique, wopanda Chipwitikizi amangoti kakasi.

Si kuti ndikukuletsani. Nzeru ya momwe madzi, mafuta ndi gasi zimayendera m'thanthwe siitha ntchito mtengo wa mgolo ukagwa. Ndi yomweyo imene akuboolera zitsime za nthunzi yopangira magetsi ku Olkaria ku Kenya, ndipo ife akasupe otentha tili nawo ku Chiweta ndi ku Nkhotakota. Ndi yomweyonso imene a ku Norway akhala akubwezera mpweya woipa pansi pa nyanja ku Sleipner kuyambira 1996. Ngakhale mjigo wa kumudzi kwanu umamvera Darcy yemwe uja. Choncho posankha sukulu yang'anani maphunziro ali m'katimo, osati dzina lili pa satifiketi, ndipo kafukufuku wanu womaliza akakhale pa chinthu chimene mungachigwiritsenso ntchito kunja kwa mafuta.

Musanalipire kalikonse, pezani anthu amene anamaliza kosi yomweyo m'zaka ziwiri zapitazi, makamaka ochokera kuno ku Africa. Afunseni kumene akugwira ntchito lero, ndi kuti anadikira miyezi ingati. Ngati ambiri akuyankha mozungulira, khalani kaye pantchito yanu, chaka chamawa mudzafunsenso.