Musadikire kamera yodula

Zikomo achimwene a ku Misuku chifukwa cha kalata yanu. Mukufunsa ngati muyenera kudikira mpaka mutagula kamera ya Canon kapena Sony musanajambule vidiyo ya nyimbo yanu. Ine ndikuti musadikire. Mavidiyo ambiri amaonongeka chifukwa cha kuwala kochepa, chithunzi chogwedezeka, ndi milomo yosagwirizana ndi nyimbo, ndipo zitatuzi mungazipewe ngakhale ndi foni yojambula pa 1080p. Jambulani m'mawa nkhungu ikangoyera m'minda ya khofi kapena m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese, dzuwa liziwala kumaso kwa woyimba osati kumsana. Foni ikhale pa tripod, nyimbo izilira pa sipika, woyimba azitsatira, kuti polumikiza zidutswa mu pulogalamu ya CapCut kapena DaVinci Resolve milomo igwirizane ndi mawu.

Ena anganene kuti foni imalephera mumdima. N'zoona, n'chifukwa chake zojambula zanu zikhale za masana. Ena angadandaule za batire kutha msanga. Tengani power bank yodzaza. Ndalama zimene mukusungira kamera mulipirire situdiyo yabwino yojambulira nyimbo, chifukwa anthu amapirira chithunzi chosawala kwenikweni, koma nyimbo yosamveka bwino amaidumpha. Yambani ndi foni yomwe muli nayo, achimwene.