Kufuna Mwana: Zoyenera Kuchita Pakhomo Kuti Chithandizo cha Kuchipatala Chithandize

Kabuku ka mabanja a ku Chintheche, Kande, Mpamba ndi Usisya

Banja likatha chaka chathunthu likukhalira malo amodzi osagwiritsa ntchito njira yolera, koma pathupi osaoneka, nthawi yopita kuchipatala yakwana. Ngati mayi apitirira zaka 35, musadikire chaka. Miyezi 6 yakwanira. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti pa anthu akuluakulu 6 aliwonse, mmodzi amakumana ndi vutoli pa moyo wake. Chithandizo chilipo, koma mapiritsi paokha sabweretsa mwana. Zimene mumachita kunyumba, kunyanja ndi paulendo ndi zomwe zimathandiza kapena kulepheretsa ntchito ya adokotala.

1. Pitani awiri

Mwana akachedwa, chala chimathamangira kuloza mayi. Komatu pafupifupi theka la mabanja otere, vuto limapezekanso kwa bambo. Bambo akhoza kukhala wamphamvu kuchipinda koma mbewu yake ili yochepa kapena yofooka, ndipo zimenezi zimadziwika pokhapokha umuna ukayezedwa. Asanapereke umuna wokayeza, bambo akhale masiku 2 mpaka 7 osagonana.

Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanu kapena cha Chintheche. Zikafunika adzakutumizani ku Nkhata Bay, kenako ku Mzuzu Central. Tengani mabuku anu a kuchipatala, nonse awiri.

2. Likodzo

Ambiri timadziwa likodzo ngati matenda a ana okodza magazi. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu munthu akamasamba, kuchapa kapena kukoka khoka. Mazira ake akakhazikika m'chiberekero ndi m'machubu a mayi amasiya zipsera zomwe zimatha kutseka njira ya dzira, kapena kuchititsa kuti mimba ikhale m'chubu. Zizindikiro zake ndi kumva kuwawa kapena kutaya magazi pokhalira malo amodzi, kuyabwa, ndi chikazi chachilendo. Kwa bambo, magazi amatha kuoneka mu umuna.

Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, choncho auzeni adokotala kuti mumakhala m'madzi a m'nyanja. Mankhwala a praziquantel amapha tizilomboti, koma zipsera zakale sizichoka msanga, n'chifukwa chake kufulumira n'kofunika. Sambani ndi kuchapa ndi madzi a pamjigo. Ngati mwatunga a m'nyanja, akhale masiku awiri mumtsuko musanasambe.

3. Matenda opatsirana pogonana

Chinzonono ndi matenda ena ofanana nacho amatseka machubu a mayi ndi njira ya mbewu ya bambo, nthawi zambiri mwakachetechete. Padoko pomwe usipa wachuluka ndalama imayenda, zibwenzi za msangamsanga nazo zimachuluka, ndipo ena amapereka thupi kuti apeze nsomba. Matenda otengedwa kumeneko amafika kunyumba. Mmodzi akapezeka nawo, nonse mulandire mankhwala nthawi imodzi ndipo mumalize. Mukapanda kutero mudzangopatsirananso.

Yezetsani HIV limodzi. Amene akumwa ma ARV mwandondomeko mpaka tizilombo kusiya kuoneka m'magazi atha kubereka mwana wopanda kachilombo. Kubweretsa fisi m'nyumba, kutanthauza mwamuna wina woti apereke pathupi, kumaika banja lonse pachiswe cha matendawa.

4. Pezanani pa masiku ake

Mayi amene amasamba pakatha masiku 28 aliwonse amatulutsa dzira cha m'ma tsiku la 14, kuwerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo. Masiku asanu a m'mbuyo mwake pamodzi ndi tsikulo ndiwo otengera pathupi. Njira yosavuta ndi kukhalira malo amodzi pakapita masiku awiri kapena atatu aliwonse mwezi wonse.

Apa ndi pomwe mabanja a kunyanja amavutika. Bambo wa chilimira amachezera panyanja usiku, masana n'kugona. Wina amatsata nsomba kumadoko akutali kwa milungu ingapo. Wina ali ku Joni, amabwera pa Khrisimasi pokha. Mayi akapatsidwa mapiritsi othandiza kutulutsa dzira, monga clomiphene, bambo kulibe, mweziwo wapita pachabe. Gwirizanani ndi adokotala kuti mankhwala ayambe bambo ali pakhomo, monga nyengo ya mwera pamene mabwato sapita kawirikawiri, kapena pa tchuthi chotalikirapo.

Mayi amene ankabayitsa jakisoni wolera asade nkhawa: mphamvu yake imatha, ngakhale kwa ena pamapita miyezi ingapo mpaka chaka.

5. Mowa, fodya ndi chamba

Mbewu ya bambo imatenga pafupifupi miyezi itatu kuti ipangike ndi kukhwima. Kachasu wa lero amaononga mbewu ya miyezi ikubwerayi, ndipo amene wasiya lero ayembekezere kusintha pakatha miyezi itatu. Fodya ndi chamba zimachepetsa mbewu ndi kuifooketsa. Kwa mayi, fodya amakalambitsa mazira msanga ndipo amatha kuchititsa kuti apite padera. Utsi wa fodya wa amuna awo nawonso umawafika. Mayi amene akufuna pathupi asiyiretu mowa.

Kutentha thupi kwa malungo kumafooketsanso mbewu kwa milungu ingapo, choncho gonani m'neti. Opopera mankhwala m'minda ya tiyi, mphira kapena m'dimba avale zodzitetezera ndipo asambe akamaliza.

6. Chakudya

Kondowole amakhutitsa koma samanga thupi payekha. Pambale pazipezeka usipa, chigwada, nyemba, nsinjiro ndi zipatso za nyengo yake, motsatira magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Musagulitse nsomba zonse, siyaniko ndiwo. Chinangwa chowawa chivunde mokwanira, ndipo mchere ukhale wa ayodini. Kuonda kwambiri kapena kunenepa kwambiri kumasokoneza msambo. Mayi apemphe kuchipatala mapiritsi oonjezera magazi okhala ndi folic acid asanatenge pathupi, chifukwa amateteza ubongo ndi msana wa mwana m'milungu yoyambirira.

7. Zitsamba

Gondolosi atha kudzutsa chilakolako, koma satsegula chubu chotsekeka. Zitsamba ndi nsalu zolowetsa kumaliseche zimayambitsa zilonda ndi matenda. Ngati mukumwa za asing'anga, auzeni adokotala osabisa, chifukwa zina zimalimbana ndi mapiritsi. Zaka zomwe zimathera poyendayenda sizibwerera, makamaka kwa mayi.

Zoti muyambe sabata ino

• Lembani pa kalendala tsiku loyamba la msambo mwezi uliwonse.
• Sankhani tsiku lopitira kuchipatala limodzi, mukayezetse likodzo, HIV ndi matenda ena.
• Bambo asiye mowa, fodya ndi chamba kwa miyezi itatu, kenako akayezetsenso umuna.
• Pemphani ankhoswe alankhule ndi achibale kuti asiye kunyoza ndi kukakamiza mitala kapena kutha kwa ukwati.
• Muli ndi funso, onanani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu.